Achimwene a ku Chiputula, nali yankho la funso lanu la ma black hole lija

Imelo yomwe ndikuyankha lero inali yaitali ndithu moti ndaidula. Alemba ndi achimwene ena a ku Chiputula, akuti ntchito yawo ndi ya ukalipentala, ndipo anayambitsa nkhani yonseyi ndi mnyamata wawo wa Fomu 4 yemwe anawaonetsa kavidiyo pafoni. Mawu awo ndi awa: "Akuti azungu a ku America anamva ma black hole awiri akugundana kutali kwambiri, ndipo makina awo anayeza kusuntha kochepa kuposa atomu. Ine ndimagwira tepi tsiku ndi tsiku, milimita imodzi yokha imandipweteketsa mutu ndikamadula thabwa la chitseko. Nde iwowa ayeza bwanji? Nanga adziwa bwanji kuti ndi ma black hole osati lole yomwe imadutsa panja? Ineyo ndikuona ngati ndi njira yodyera ndalama basi."

Achimwene, zikomo kwambiri, ndipo funso la loleli musalipeputse, chifukwa ndi funso lomwelo lomwe linawasowetsa tulo eni ake kwa zaka zambirimbiri. Black hole ndi malo a mumlengalenga pomwe zinthu zolemera kwambiri zapanikizana pamalo ochepa, moti ngakhale kuwala sikungatulukemo. Ine ndikukuuzani kuti sananame. Koma musakhulupirire chifukwa choti ndanena ine, kapena chifukwa choti ndi azungu, azungu amanamanso ndipo amalakwitsa, pa nkhani yomweyi alipo wina amene analengeza zomwe kunalibe, tifika pamenepo. Tiyeni tione kaye chomwe chimayezedwacho.

Mu 1915 Albert Einstein anabwera ndi ganizo loti gravity, mphamvu ija imagwetsa mango pansi, si chingwe chosaoneka chokoka zinthu ayi, koma kuti chinthu cholemera chimapinda malo ndi nthawi zomwe zachizungulira, ndipo zinthu zina zikamadutsa pamenepo zimangotsatira kupindikako. Chaka chotsatira, 1916, masamu ake omwewo anamuonetsa china: zinthu zolemera zikamazungulirana mwaliwiro, kupindika kuja sikukhala malo amodzi, kumafalikira mbali zonse ngati mafunde ndipo kumathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Fundelo likamadutsa pomwe muli silikukankhani ngati mphepo. Limatalikitsa mtunda wa pakati pa zinthu mbali imodzi kwinaku likuufupikitsa mbali yopingasa, kenako zimasinthana, komwe kunatalika kufupika, komwe kunafupika kutalika, chonchobe mpaka litadutsa. Ndipo silitchingika, limapyola dziko lonseli kutulukira mbali ina osachepa mphamvu mwakuti n'kuzindikira.

Einstein yemweyo ankakayika. Mu 1936 iye ndi mnzake Nathan Rosen analemba pepala lonena kuti mafundewa kulibe, kenako zinaoneka kuti masamu awo anaphonya penapake, anabweza mawu. Ndiye ngati mwini wake ankagwedezeka, inu musachite manyazi kukayika.

Umboni woyamba unabwera mozungulira. Mu 1974 Russell Hulse ndi Joseph Taylor, akugwiritsa ntchito telesikopu ya wailesi ya ku Arecibo ku Puerto Rico, anapeza nyenyezi ziwiri zakufa, zija amati neutron star, zikuzungulirana maola pafupifupi 8 aliwonse. Ataziyang'anira kwa zaka zinaoneka kuti zikuyandikirana pang'onopang'ono, mamita atatu ndi theka pachaka, ndendende momwe masamu a Einstein amanenera ngati zikutaya mphamvu kudzera m'mafunde amenewa. Analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Koma kumeneko kunali kuona kuti mphamvu ikuchoka, fundelo lenilenilo anali asanaligwire.

Tsopano za tepi zija. Tengani milimita yanu imodzi ija, muigawe ka 1,000,000. Kachidutswa kamodzi mwa timeneto mukagawenso ka 1,000,000. Apo mwafika pa kukula kwa proton, kanthu kokhala m'kati mwenimweni mwa atomu. Ndiye mukagawenso kameneko m'zidutswa mazana angapo, eya, ndi mlingo womwe mikono ya makina awo inasinthira, mikono ya makilomita 4. Mukati ndi misala sindikutsutsani. Tepi apa ilibe ntchito, ngakhale maikulosikopu yamphamvu bwanji singaone zimenezi. Chomwe amagwiritsa ntchito ndi kuwala, chifukwa liwiro la kuwala silisintha, ndiye mtunda ukatalika ngakhale pang'onong'ono kuwala kumachedwa kubwerera, ndipo kuchedwa kumeneko kuli ndi njira yokuonera.

Makinawo dzina lake ndi LIGO ndipo alipo awiri, ena ku Livingston m'chigawo cha Louisiana, ena ku Hanford m'chigawo cha Washington. Mukawaona pachithunzi chojambulidwa m'mwamba ndi chilembo L chachikulu, mapayipi awiri achitsulo opingasana, iliyonse makilomita 4 kutalika, mita imodzi ndi masentimita 20 kukula kwa m'mimba mwake. M'mapayipimo anapopamo mpweya wonse kuuchotsa, chifukwa mpweya ungamasokoneze kuwala. Inu monga munthu wa levulo mumva bwino ichi: pa makilomita 4 dziko limakhala litapindika kale pafupifupi mita imodzi, ndiye omanga sakanangotsatira nthaka, anayenera kukonza maziko kuti payipi iwongoke motsatira kuwala osati motsatira dziko.

Pakona ya L paja pali laser. Kuwala kwake kumagawidwa pawiri, theka kulowa mkono uwu theka mkono uwo. Kumapeto kwa mkono uliwonse kuli galasi lomwe limakubweza, ndipo pali galasi linanso chakumayambiriro, nde kuwalako kumapita n'kubwera, kupita n'kubwera, maulendo pafupifupi 300 kusanatuluke, kutanthauza kuti kwayenda makilomita oposa 1,000 m'payipi ya makilomita 4 yomweyo. Kukatuluka, magawo awiri aja amakumananso pakona. Apa ndi pomwe pali nzeru yonse. Kuwala nakonso ndi mafunde, kuli ndi pokwera ndi potsika, ndiye anatchera mikonoyo mwakuti pokwera pa gawo limodzi pazikumana ndi potsika pa linzake, n'kufafanizana, kachipangizo koona kuwala kamene kali pamenepo kazingoona mdima kapena pafupifupi mdima. Mkono umodzi ukangotalika pang'ono mnzake n'kufupika, kufafanizana kuja sikukwaniranso, kakuwala kamathawira pa kachipangizo kaja. Sayeza kuti mkono ndi wautali bwanji ayi, amangoyeza kusiyana kwa mikono iwiriyo, ndipo funde la gravity ndi lomwe limachita zimenezo kumene, kutalikitsa uku kufupikitsa uko.

Mwina mufunsa kuti galasilo palokha ndi la maatomu, ndipo maatomu amanjenjemera, nde muyeza bwanji chinthu chochepa kuposa atomu ndi chida cha maatomu? Yankho ndi loti laser siwomba atomu imodzi. Imawomba pankhope ya galasi malo otambalala masentimita angapo, pomwe pali maatomu osawerengeka, ena akunjenjemerera kutsogolo ena kumbuyo, zonsezo zimathana zokhazokha, chotsala n'chakuti galasi lonse lasuntha kapena ayi.

Magalasi akewo ndimawakonda. Lililonse limalemera makilogalamu 40, masentimita 34 m'mimba mwake, kunenepa masentimita 20, lopangidwa ndi silica woyeretsedwa kwambiri, ndipo silinamangidwe ndi mabawuti pachitsulo ayi. Limalendewera. Lapachikidwa pa timaulusi tinayi tagalasi tochepa kuposa theka la milimita, ndipo pamwamba pake pali zolemera zina zolendeweranso, magawo anayi motsatizana, china kulendewera pa chinzake. Nthaka ikagwedezeka gawo loyamba limameza kugwedezeka kwambiri, lachiwiri limameza kotsalako, pofika pagalasi pansi penipeni kwatsala kochepa zedi. Pamwamba pa zonsezo palinso makina omwe amamva nthaka ikusuntha n'kumakankha mobwezera nthawi yomweyo. Ntchito ya manja imeneyo achimwene, ya anthu odziwa kupala ndi kupachika chinthu chiwongoke, si masamu okhaokha ayi.

Tafika pa lole yanu ija tsopano. Inu mukudziwa momwe mawindo amalirira malole a matabwa ochokera ku Chikangawa akamadutsa mu M1, nde makina omva kachidutswa ka proton angalephere kumva lole? Amaimva. Amamva sitima yapamtunda, amamva mphepo, amamva mafunde a m'nyanja yamchere akumenya gombe kutali, chivomerezi chachikulu chikachitika mbali ina ya dziko makina amasokonekera amayamba atchera kaye. Ku Livingston kuli nkhalango zomwe amadulamo mitengo, ndipo zaka zoyambirira kugwa kwa mitengo kunkawavutitsa kwambiri masana. Ku Hanford mu 2017 kunkabwera timaphokoso tachilendo, atafufuza anapeza kuti ndi akhwangwala, kunja kukatentha ankabwera kudzajompha ayisi yemwe amaundana pa mapayipi ozizira a nitrogen kunja kwa nyumba ya makina. Anapeza zizindikiro za milomo yawo pa ayisipo, mpaka anawajambula ali pantchito. Ndiye eya, zosokoneza zilipo zambiri, ndipo n'chifukwa chake pamalo ponsepo anatchera zida zina zambirimbiri, zomva zivomerezi, mamaikolofoni, zoyeza maginito, zoyang'anira magetsi. Kanthu kakaoneka pa laser, choyamba amathamangira ku zida zimenezi kukaona ngati nazonso zamva. Ngati zamva, basi ndi za pansi pompano, amataya.

Koma yankho lenileni la funso lanu ndi lakuti makinawo ndi awiri, ndipo atalikirana makilomita 3,000. Lole yodutsa ku Louisiana singagwedeze galasi la ku Washington nthawi yomweyo. Kuwala kumatenga magawo 10 mwa magawo 1,000 a sekondi kuyenda mtunda umenewo, nde funde lenileni lochokera kumwamba liyenera kuoneka konse kuwiri, mooneka mofanana, ndipo kusiyana kwa nthawi kusapitirire pamenepo. Pa 14 September 2015, linali Lolemba, nthawi ili 11:50 m'mawa kuno kwathu, ku Livingston kusanache, chinthu chinagwedeza magalasi a ku Livingston, ndipo patangopita magawo 7 mwa 1,000 a sekondi chinagwedeza a ku Hanford. Mizere iwiriyo ataisanjika pamodzi inagwirizana. Zonse zinatenga gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi.

Munthu woyamba kuona anali Marco Drago, wa ku Italy koma ankagwira ntchito ku Hannover ku Germany, komwe kompyuta inamutumizira uthenga patangopita mphindi zochepa. Ndipo mukudziwa chomwe anayamba kuganiza? Kuti ndi zabodza, wina waika dala. Chifukwa anthu amenewa anali ndi chizolowezi chodziyesa okha: kagulu kochepa kanali ndi chilolezo cholowetsa funde labodza m'makina mwachinsinsi osauza anzawo, kuti aone ngati gulu lonse lingaligwire komanso ngati lingafufuze bwino. Mu September 2010 zinachitikadi, anthu anagwira ntchito miyezi ingapo, pepala analemba, anasonkhana mu March 2011 okonzeka kusangalala, envelopu yosunga chinsinsi cha kagulu kaja itatsegulidwa anauzidwa kuti linali loika dala. Tangoganizani kukhumudwa kwake. Nde la 2015 litabwera panalibe wothamangira ku wailesi, anayamba afunsana kaye kuti waika ndani, anafufuza ngati wina sanalowe m'makompyuta mwakuba, anayendera zida zonse, ndipo analengeza pa 11 February 2016, patapita miyezi isanu.

Mantha amenewo anali ndi pochokera. Ndi uja ndinati tifika. Mu 1969 Joseph Weber wa ku yunivesite ya Maryland analengeza kuti wagwira mafundewa ndi zitsulo zikuluzikulu za aluminiyamu zomwe ankati zimalira funde likadutsa. Dziko linasangalala, magulu ena anapanga zitsulo zawo, ena zabwino kuposa zake, koma sanamve kanthu, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 ambiri anali atasiya kumukhulupirira. Iye anakakamirabe mpaka imfa yake. Ine sindimuona ngati wakuba, anali munthu wanzeru yemwe anafunitsitsa chinthu mpaka kumachiona pomwe palibe, ndipo ndi iye anatsegula njira. Koma a LIGO anakula ndi nkhani imeneyi m'mutu. Ndipo musaiwale kuti LIGO yoyamba inayenda kuyambira 2002 mpaka 2010 osagwira kalikonse, ndipo ananena poyera kuti sitinagwire kanthu. Munthu wofuna kunama kuti adye ndalama sadikira zaka zonsezo akulengeza kuti manja ali lende.

Chabwino, funde labwera kuchokera kumwamba, nanga za ma black hole azitenga kuti poti palibe anaona? Apa ndikufunseni inuyo. Usiku kukakhala zii, ng'oma zikamalira kutsidya, kaya ndi vimbuza kaya ndi chiyani, inu muli m'nyumba simukuziona, koma mumadziwa kuti iyi ndi ng'oma yaikulu, iyi ndi yaing'ono, mumadziwanso kuti woyimba wayamba kufulumiza gule wafika pakolasa. Simunaone koma kaliridwe kakuuzani. N'chimodzimodzi apa. Fundelo silinangoti gwede kamodzi ayi, linali ndi kayendedwe kake: linayamba kugwedeza magalasi maulendo 35 pa sekondi, n'kumafulumira, n'kumakula mphamvu, mpaka maulendo 250 pa sekondi, kenako linazilala msangamsanga. Zinthu ziwiri zikamazungulirana zikutaya mphamvu zimayandikirana, zikayandikirana zimazungulira mofulumira, zikafulumira zimataya mphamvu yochuluka, zimangopitirira choncho mpaka kugundana. Ndipo momwe kufulumirako kukukwerera zimadalira kulemera kwa zinthuzo, zopepuka zimatenga nthawi yaitali n'kukafika pa kaliridwe kokwera kwambiri, zolemera zimamaliza msanga zikadali ndi mawu a besi.

Atawerengera anapeza kuti china chinali cholemera ngati madzuwa 36, china madzuwa 29. Tsono pamapeto pake zinkazungulirana maulendo 75 pa sekondi, pa liwiro lofika theka la liwiro la kuwala, ndipo kuti zitheke zimenezo zinayenera kukhala zitatalikirana makilomita pafupifupi 350 okha, mtunda wa pamsewu kuchoka pa Mzuzu pano kukafika ku Lilongwe, koma zisanakhudzane. Taganizani, dzuwa lathu limodzi lokha ndi makilomita pafupifupi 1.4 miliyoni m'mimba mwake. Nyenyezi wamba zikanakhala zitagundana kalekale zisanayandikirane choncho. Ma neutron star ndi ang'ono mokwanira koma salemera choncho, amathera pa madzuwa awiri ndi kakuti. Chotsala chomwe chingalongedze madzuwa 30 m'malo a makilomita 200 ndi black hole basi. Ndipo kuzilala kwa kumapeto kuja nakonso kunagwirizana ndi momwe black hole yatsopano imayenera kunjenjemerera isanakhazikike.

Chomwe chimandigwira mtima ine n'chakuti kayendedwe kameneka sanakapeke ataona funde. Kanali kale m'makompyuta. Kwa zaka zambiri masamu a Einstein a ma black hole awiri ogundana ankakanika ngakhale pa makompyuta akuluakulu, mpaka mu 2005 pomwe Frans Pretorius, wobadwira ku South Africa konkuno, anakwanitsa koyamba kuwerengera kugundana konse mpaka kumapeto. Pofika 2015 anali ndi zitsanzo pafupifupi 250,000 za mafunde, chilichonse cha kulemera kwakekwake, zikungodikira. Funde litabwera linakwana pa chitsanzo. Anawerengeranso kuti phokoso wamba lingapange zofanana chonchi mwangozi m'makina onse awiri kangati, yankho linali losakwana kamodzi pa zaka 200,000.

Muone masamu awa achimwene, a ku pulayimale: 36 kuphatikiza 29 ndi 65. Koma black hole yomwe inatsala inalemera madzuwa 62. Madzuwa atatu apita kuti? Anasanduka mafunde aja, mosakwana sekondi. Pa kanthawi kameneko mphamvu yomwe inkatuluka inaposa kuwala kwa nyenyezi zonse za m'chilengedwe chomwe timatha kuona kuziphatikiza pamodzi, koma popanda kuwala kulikonse, mdima wokhawokha, munthu wa telesikopu sakanaona kanthu. Ndipo zinachitika kutali kwakuti fundelo linayenda zaka pafupifupi 1.3 biliyoni lisanafike kuno, n'chifukwa chake linafika litafooka mpaka kumagwedeza galasi kachidutswa ka proton.

Za "kumva" zija musazitenge ngati panali phokoso lomwe linadutsa mumlengalenga, kumeneko kulibe mpweya wonyamula phokoso. Zinangochitika kuti kugwedezeka kwa maulendo 35 mpaka 250 pa sekondi kuli m'gawo lomwe khutu la munthu limamva, nde anatenga mzere uja n'kuulowetsa mu sipika. Kamamveka kakuti "wuup", kafupi kwambiri, mukaphethira ndi makutu kakudutsani. Mnyamata wanu akapeze pa YouTube, sikadya bandulo.

Ngati mpaka pano mukuti komabe palibe anaona ndi maso, dikirani ya 17 August 2017. Tsiku limenelo kunabwera funde lina losiyana, lalitali, pafupifupi masekondi 100, kusonyeza kuti ndi zinthu zopepuka, ma neutron star awiri. Amenewa si amdima ngati ma black hole, akagundana pamakhala moto. Patangopita masekondi 1.7 funde litatha, satelayiti ya NASA yotchedwa Fermi, yomwe ilibe chochita ndi magalasi a LIGO, inaona kung'anima kwa ma gamma ray, kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso. Nthawi imeneyo makina achitatu, Virgo, omwe ali pafupi ndi Pisa ku Italy ndipo mikono yake ndi ya makilomita 3, anali atayamba kugwira ntchito limodzi ndi awiri aja, nde atatuwa anatha kuloza kachigawo ka thambo kuti yang'anani uko. Pasanathe maola 12 akatswiri ogwiritsa ntchito telesikopu ya ku Chile anapeza kadontho kowala komwe kunalibe kale, mu mlalang'amba wotchedwa NGC 4993, mtunda womwe kuwala kumayenda zaka 130 miliyoni. Matelesikopu pafupifupi 70 anatembenukira komweko, kuphatikizapo SALT ya ku Sutherland ku South Africa. Anthu osiyana, mayiko osiyana, zida zosiyana, ena mwa iwo opikisana okhaokha, onse anaona. Magalasi anati kwachitika chinthu uko, maso atayang'ana anachipeza. Khwangwala sangachite zimenezo. Ndipo kuwala kwake kunaonetsa kuti m'kugundana kotere mumapangika zitsulo zolemera, gulu la golide ndi platinamu.

Mu October chaka chomwecho mphoto ya Nobel inapita kwa Rainer Weiss, Kip Thorne ndi Barry Barish. Weiss ndi amene analemba mwatsatanetsatane mu 1972 momwe makina otere angapangidwire ndi zosokoneza zomwe angakumane nazo, kutanthauza kuti anadikira zaka zoposa 40.

Za ndalama, apa sindikubisirani, zinalowa zambiri, madola oposa 1 biliyoni kuchokera ku boma la America kudzera ku National Science Foundation. Munthu atha kufunsa ngati n'koyenera kuthira ndalama zotere pomvera ma black hole pomwe ena tikuvutika kugula feteleza, ndipo limenelo ndi funso lachilungamo, tingakangane tsiku lina pa tiyi. Koma ndi funso lina, losiyana ndi loti ananama kapena ayi. Kunama kukanavuta chifukwa pepala loyamba lija linasainidwa ndi anthu oposa 1,000 a m'mayiko ambiri, ndipo deta yake anaiika pa intaneti yaulere, wophunzira wa physics pa Mzuni pompa yemwe amadziwako Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, atha kuitsitsa n'kudzipezera yekha funde lija pa laputopu. Magulu ena omwe si a LIGO anachitadi zimenezo, ena mwa iwo ndi mtima wofuna kupeza cholakwika, panali mikangano ndithu, koma fundelo linatsalabe.

Pomwe ine ndingakulimbikitseni kukayika ndi pena. Manambala omwe mavidiyo amatchula ngati ndi ndendende si ndendende. Madzuwa 36 aja, eni ake analemba kuti atha kukhala 32 kapena mpaka 41. Mtunda wa zaka 1.3 biliyoni uja ndiye wotakasuka kwambiri, penapake pakati pa 750 miliyoni ndi 1.9 biliyoni, chifukwa funde lofooka litha kutanthauza kuti zili kutali kapena kuti tikuziona chammbali. Ndipo funde la 2015 lija sanathe kuloza bwinobwino komwe linachokera, makina awiri okha amangokupatsa chigawo chachikulu cha thambo, chakum'mwera. Zithunzi zokongola za mipira iwiri yakuda ikuzungulirana zomwe mnyamata wanu anakuonetsani ndi zojambula pa kompyuta motsatira masamu, palibe kamera inajambula zimenezo. Wokuuzani kuti ndi vidiyo yeniyeni ameneyo ndiye akukunamizani.

Kuchokera nthawi imeneyo zakhala zikugwidwa kawirikawiri moti sizikhalanso nkhani ya pa wailesi. Lachiwiri lomwe analengeza linabwera pa 26 December 2015. Pofika March 2020 mndandanda unali ndi 90, ambiri a ma black hole, limodzi mwa iwo la mu May 2019 linali la madzuwa 85 ndi 66 omwe anapanga black hole ya madzuwa 142, kulemera komwe akatswiri ena sankayembekezera ndipo mpaka pano akukanganabe kuti oterewa amabadwa bwanji. Japan inamanga makina ake, KAGRA, pansi pa phiri ku Kamioka kuthawa kugwedezeka kwa pamtunda, India nayo ikumanga ake m'chigawo cha Maharashtra, ndipo makina akachuluka kuloza komwe funde lachokera kumaphweka. Koma ma black hole akuluakulu zedi, a madzuwa mamiliyoni omwe amakhala pakati pa milalang'amba, mafunde awo ndi aulesi kwambiri, limodzi limatenga mphindi kapena maola, ndipo pansi pano nthaka imasokoneza kwambiri pa mlingo umenewo. N'chifukwa chake bungwe la European Space Agency linavomereza mu January 2024 ntchito yotchedwa LISA: masatelayiti atatu ozungulira dzuwa kumbuyo kwa dziko lathu, otalikirana makilomita 2.5 miliyoni, akuwomberana laser. Akuti adzaiulutsa chapakati pa zaka za m'ma 2030.